Dzala la Amayi Anga

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi mng'ono wanga, uja amagulitsa tomato pamsika wa ku Vubwi. Linali Lachiwiri masana, ine ndili pakhonde kusoka thumba la feteleza limene makoswe anaboola. Anaimitsa njinga yake, dengu osatsitsa n'komwe, nati, "Akulu, mwamva zimene alamu alonjeza ku gulu la alimi?"

Ndinati sindinamve. Amuna anga amalonjeza zambiri kumisonkhano, ndipo ine ndimazimva zitachitika kale.

"Loweruka kukubwera alangizi ndi gulu lonse kudzakumba dzala la amayi. Akuti ndi manyowa. Adzasefa, adzatutira kumunda pangolo, anthu aphunzirepo."

"Dzala liti?"

"Amayi anali ndi madzala angati?"

Ndinangopitiriza kusoka. Pomaliza ndinapeza kuti ndasoka ndi kukamwa komwe kwa thumbalo.

Kwa inu okulira m'tauni, dzala ndi pamene timataya phulusa ndi zosesa za pabwalo. La amayi anga lili kuseri kwa pamene panali nyumba yawo, mulu wofika m'chiuno, wakuda bii. Amayi anatisiya kale, nyumba inagwa, koma dzala lilipo. Amuna anga ndi akamwini, anabwera kudzakhala kwathu atandikwatira, ndiye dzalalo anachita kulipeza.

Mwana wanga woyamba anabadwa osalira. Kwathu mwana wotere timati nthayo. Sakhala ndi maliro, sapita naye kumanda, ndipo amuna sayandikira. Amayi akuluakulu amamutenga okha n'kukamuika m'kadzenje kosazama, chifukwa amati mukakumba kwambiri mayiyo sadzaberekanso. Wanga anakamuika kudzala la amayi, ine ndili chigonere m'nyumba. Anandiuza kuti ndisalire, ndipo sindinalire. Amuna anga anauzidwa mawu awiri okha, akuti mlendo wabwerera. Anawomba m'manja, natenga khasu, napita kumunda. Chichokereni tsiku limenelo ine ndi iwo sitinaitchulepo nkhaniyo, ndipo panali patapita zaka zoposa makumi awiri. Mulungu anatipatsa ana ena, onse amoyo, ndipo ndimamuthokoza m'mawa uliwonse.

Tsono Loweruka anthu ankabwera ndi mafosholo.

Sindingawanene amuna anga. Chaka chimenecho feteleza anavuta, ndipo alangizi a zaulimi anabwera ndi phunziro lakuti pakhomo pasamatayike kanthu. Mapesi osatentha, ndowe osasiya kuti ziume m'khola, zosesa zonse zibwerere kumunda. Amuna anga phunzirolo linawalowa ngati mmene amalowera Mawu mwa munthu wongotembenuka kumene. Nkhuku ikachita zake pakhonde, ankandiletsa kusesa mpaka abwere ndi chigoba.

Mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Lusaka atamva, anatitumizira kanema pafoni. Munali mayi wina wachizungu akuonetsa botolo, akuti zinyalala zake za chaka chonse zakwana mmenemo. Ndinaonera kawiri. Chimene chinandikhudza ndi botololo. Linali labwino, lagalasi, ndi chivindikiro chake chomwe, lokwana mchere wa miyezi itatu, iye n'kuikamo zinyalala.

Ndinauza mwanayo kuti mayi ameneyo adzabwere kuno adzaphunzire. Chitenje changa chimayamba ndi kutchalitchi. Chikasuluka chimapita kumunda, kenako chimabereka mdzukulu, kenako nkhata yosenzera madzi, ndipo chimathera pa kutseka chibowo cha ndowa. Thumba la feteleza ndi katani, ndi mphasa yoyanikapo ufa, mvula ikakupezerani panjira ndi jekete. Gaga ndi wa nkhumba, zitsononkho ndi nkhuni, phulusa lake timacheza chidulo cha therere. Sitinkadziwa kuti zimenezi zili ndi dzina, ife tinkangoti n'kusowa.

Mwanayo anati ku Lusaka zinyalala zimatengedwa pagalimoto kupita ku phiri lina kunja kwa mzinda, lofuka utsi chaka chonse, ndipo pali anthu amene amakhalira kutola pamenepo. Anatinso maiko ena amatumiza zotaya zawo kumaiko anzawo pasitima. Apo sindinadabwe. Jekete imene amuna anga amavala kutchalitchi tinagula pasalaula, pamulu wa zovala zakale zochokera kunja, ndipo pathumba pake panasokedwa dzina la munthu wina. Ndinaona kuti dzala la maiko enawo ndi ife. Sindikudandaula, jeketeyo ndi yofunda.

Lachitatu ndinayesa njira zanga. Tikudya, ndinati, "Abambo, paja pa dzala la amayi pali njoka."

"Tidzayamba tamenya ndi mitengo, zidzathawa."

"Pali magalasi osweka, anthu adzachekeka."

"Ndiye ntchito ya sefa. Alangizi akubwera nayo, ya waya."

"Nanga bwanji osakumba dzenje lathu latsopano lija, kuseri kwa khola?"

"Mayi, mmenemo ndi mapulasitiki okhaokha. Koma la apongozi! Inu simuona maungu amene amamera okha pamenepo? Dzungu limodzi kunyamula anthu awiri. Nthaka imene ija ndi chuma, tangoikhalira."

Maunguwo ndimawaona chaka chilichonse. Sindinadyepo ngakhale limodzi, ngakhale chibwabwa chake, ndiwo ya masamba ake ija. Ndinkanena kuti amandipatsa chilungulira, ndipo amuna anga kawiri konse anandigulira mankhwala a chilungulira ku Katete.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangowauza. Nanenso ndinadzifunsa. Koma chinthu chimene mwachitsekera zaka makumi awiri sichituluka chifukwa choti mwatsegula pakamwa. Ndiponso tinaphunzitsidwa kuti za nthayo si za amuna, ndipo palibe amene anabwera kudzanena kuti lamulolo latha.

Lachinayi titatuluka kumapemphero a amayi, ndinapita kwa amayi aakulu, akulu awo a amayi anga. Mwa onse amene anamunyamula mwanayo tsiku lija, otsala ndi iwo okha. Makutu anatha, miyendo inatupa, koma pakamwa palibe chinachepa. Ndinawapeza padzuwa akununkhiza fodya wawo wa m'mphuno, amene amasunga m'kabotolo ka mafuta odzola.

"Wabwera chimanjamanja? Ndimayesa akupemphera amayenda ndi shuga."

Ndinagwada pafupi ndi khutu lawo labwinoko, n'kuwafotokozera. Ndinachita kubwereza katatu, ndipo kachitatuko ndikuganiza kuti anamva ndi a nyumba yachitatu omwe.

"Akumbe dzala? Mkamwini? Kwawo kulibe madzala?"

"Akuti ndi manyowa, amayi."

"Manyowa ndi iyeyo."

Ndinawapempha kuti angondisonyeza malo enieni, kuti mwina anthu akumbe mbali ina. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe ukuyesa uli wekha pamenepo? Wako ali chakum'mawa, tinavundikira phale. Anga ndi awiri. Wa amako ndi mmodzi, amene akanakhala mkulu wako. Wa mng'ono wako ali chapakati."

"Wa mng'ono wanga?"

"Iwe unali ku Katete kudwazika mwana. Unkafuna tikuimbire belu?"

Apo ndi pamene ndinazindikira chimene mng'ono wanga anaimira pakhomo panga ndi dengu la tomato padzuwa, m'malo mothamangira kumsika. Tinakulira pamphasa imodzi, timatunga pamjigo umodzi, koma aliyense ankadutsa pa dzala lija ndi zake mumtima, n'kupatsana moni.

"Ndiye ndiwauze amuna anga?"

"Uwauze chiyani? Mwamuna ndi dzala zikukhudzana pati? Loweruka ubwere ndi mphasa ndi nshawa zosaswa. Umuuzenso mng'ono wako. Mudzandinyamule."

Loweruka m'mawa tinawakweza panjinga, ine kugwira uku mng'ono wanga uko, mpaka pa dzala. Tinayala mphasa pamwamba penipeni, tinawakhazika pakati, ife m'mbali, malichero pamiyendo, n'kuyamba kuswa nshawa, zija ena amati mtedza. Mng'ono wanga anangondipatsira lichero lake labwino, iye n'kutenga langa long'ambika.

Dzuwa litakwera pang'ono anthu anafika. Kutsogolo ngolo ya ng'ombe ziwiri, pambuyo amuna ndi amayi a gulu ndi makasu, mafosholo ndi wilibala. Alangizi anali bambo aulemu, ovala majombo oyera ngati sanapondepo matope, atanyamula sefa yawo pamutu. Amuna anga anali patsogolo pa onse, atavala jekete ya kutchalitchi ija, akuloza ndi dzanja.

Atationa, dzanjalo linatsika lokha.

Alangizi anakondwa kwambiri. Anati, "Taonani, anzanga! Amayi awa amva kale phunziro. Akuswera nshawa pomwepo kuti makoko agwere pa manyowa, osatayika ngakhale limodzi." Anatulutsa foni natijambula. Anthu anawomba m'manja. Amayi aakulu anafunsa mokweza kuti munthu wa nsapato za mvulayo akufuna chiyani, popeza kunja kuli ng'amba.

Tsono apa ndi pamene panali nzeru yawo. Mkamwini sayandikira apongozi. Salankhula nawo maso ndi maso, akakumana panjira amapatukira kutchire. Amayi anga atamwalira, apongozi a amuna anga anatsala amayi aakuluwa. Ndiye iwo atakhala pamwamba pa dzala, amuna anga sakanatha kufika ngakhale pamphepete pake, ndipo kunena kuti apongozi asunthe ndi mawu amene pakamwa pa mkamwini satuluka. Anaima patali ngati pali mpanda. Anthu a gulu, amene onse ndi a kuno, anaona mmene zinthu zilili, nayamba kuyang'ana ng'ombe.

Alangizi anapita okha, nagwada bwinobwino. "Agogo, tingakusunthireniko pamthunzi?"

"Ndadya kale," anayankha amayi aakulu.

Amuna anga anandikodola. Ndinatsika, n'kuwatsata kuseri kwa nkhokwe. Thukuta linali litawanyowetsa kolala.

"Mayi, n'chiyani chimenechi? Anthu achoka kutali, ena kumalire kwenikweni. Mukufuna ndizidzayenda bwanji m'mudzi muno? Ngati ndinakulakwirani, si bwenzi mutandiuza kunyumba?"

Ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo. Ndinangoti, Ambuye, pakamwa. Kenako ndinati, "Abambo, mwana wathu woyamba uja ali pamenepo."

Anayang'ana nkhokwe, anayang'ana mapazi awo. Anachotsa chipewa, nachivalanso.

"Pa dzala?"

"Ee. Chakum'mawa. Ndipo sali yekha."

"Si kumanda?"

"Otere sapita kumanda."

Anakhala pansi pomwepo, pa ndowe za nkhuku, ndi jekete yawo ya kutchalitchi. Patapita nthawi anati, "Kumapeto kwa manda, kupitirira pamene pagona apongozi, pali kamulu kakang'ono kopanda chizindikiro. Ine ndinkayesa ndi pamenepo. Maliro aliwonse, tikatha kukumba, ndimatsalira n'kuzulapo udzu."

Ndinaganiza, ndinaganiza, mpaka ndinapaona malowo m'maso mwanga.

"Abambo, chija ndi chulu."

"Chulu?"

"Cha chiswe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndinkadabwa kuti chaka chilichonse kakukula. Ndinkati kapena ndi mmene zimakhalira."

Sindikudziwa ngati tinaseka kapena tinachita china. Phokoso lake linatuluka limodzi, ndipo nkhuku zimene zinali pansi pa nkhokwe zinathawa. Zaka zonsezo ine ndinkati bambo ameneyu anaiwala tsiku lomwelo, popeza anangotenga khasu. Iwo ankati ine sindifuna kukumbutsidwa. Tinkagona nyumba imodzi, wina akulambalala maungu, wina akupalira chiswe.

Anadzuka, anadzisasa kumbuyo, napita kwa alangizi. Ndinamva akuti, "Bwana, pepani, pulogalamu yasintha pang'ono. Apongozi akhala kale, ndipo akakhala sadzuka. Tiyeni tikakumbe dzenje langa kuseri kwa khola." Alangizi anati manyowa abwino ali apa. Amuna anga anati, "Alipo, koma ali ndi eni ake." Amayi ena achikulire a m'gulumo anayang'ana dzala, anayang'ana ife, ndipo mmodzi anatula khasu lake nabwera kudzakhala pamphasa, n'kuyamba kuswa nafe nshawa.

Dzenje la kuseri kwa khola tinalikumba zaka zisanu zapitazo, ndipo Loweruka limenelo linatiulula. Munatuluka mapulasitiki a shuga, a mchere, a sopo, onse ali bwinobwino ngati angogulidwa. Munatuluka mabatire a tochi, matewera a mdzukulu amene tsopano ali kusukulu, patapata mmodzi, ndi foni yakufa. Munatulukanso timapulasitiki tambirimbiri ta kachasu wa m'sitolo.

"Akulu a mpingo," anatero bambo wa ngolo uja kwa amuna anga, atanyamula kamodzi m'mwamba, "utu ndi twa mgonero?"

"Imabweretsa ndi mphepo," anayankha amuna anga.

"Mphepo ya kwanu ili ndi ludzu."

Mlandu umenewo tinaupeza mwini wake pambuyo pake, ndi mwana wathu wamwamuna, ndipo tikumupempherera.

Atasefa zonse, manyowa anakwana mawilibala awiri, mapulasitiki matumba atatu. Ngolo inabwerera yopanda kanthu. Mng'ono wanga anafunsa alangizi kuti nanga matumba atatuwa tipite nawo kuti. Anati tisatenthe, utsi wake ndi woipa. Tisakwirire, saola. Tisasiye poyera, ng'ombe zikadya zimafa. Anafunsanso kuti ndiye titani. Alangizi anati funsolo ndi labwino kwambiri, akalipereka kwa akuluakulu. Matumbawo tinawapachika kudenga la khitchini, ndipo mpaka lero akudikira yankho.

Anthu atabalalika, dzuwa litapendeka, ife tinali tikadali pamphasa chifukwa amayi aakulu anati nshawa sizinathe. Amuna anga anabwera, naima patali pamene amaima mkamwini, chipewa m'manja, atatembenukira kumbali. Anandiitana, koma mawu awo anali oti afike pamphasa.

"Mayi, tafunsani kwa akuluakulu. Anali mwamuna kapena mkazi?"

Ine ndemwe sindinkadziwa. Sanandionetse, ndipo sindinafunsepo. Ndinagwada pa khutu lija n'kufunsa.

"Zimenezo amuna sauzidwa," anatero amayi aakulu. "Umuuze mkamwini apite akamwetse ng'ombe." Ananunkhiza fodya, anayetsemula, kenako anandigwira dzanja. "Koma iwe ndikuuza, poti ndiwe make. Usauze munthu."

Munthu wogontha akamanong'ona amamveka mpaka kumjigo.

"Anali wamkazi. Wamtali zala. Tsitsi lambiri ngati la bambo wake, nthawi imene anali nalo."

Amuna anga anadzigwira padazi. Anaima choncho kanthawi, kenako anawomba m'manja katatu, mwaulemu, ngati munthu amene walandira chinthu, napita kukamwetsa ng'ombe. Ng'ombezo zinali zitamwa kale.

Ine ndinalira pamenepo, kulira kumene ndinaletsedwa ndili mtsikana. Mng'ono wanga naye analira kwake. Ndinkayembekeza kuti amayi aakulu atikalipira, koma anayang'ana kumbali, nati fodya wa masiku ano ndi waukali, amatulutsa misozi.

Mlungu wotsatira amuna anga anadula nsungwi namanga kampanda kuzungulira dzala lonse. Ofunsa amawauza kuti akuteteza maungu ku mbuzi. Ku chulu kuja amapitabe maliro akachitika. Ndinawafunsa chifukwa chake, anati anazolowerana nacho, ndipo sichinawalakwire.

Mawilibala awiri aja anakwana mizere khumi yokha. Munda wotsalawo chimanga chinatuluka chachikasu, chofika m'chiuno, ndipo nkhokwe ya chaka chino siifika pa Khirisimasi. Amuna anga akudziwa, inenso ndikudziwa, kuti dzala lija likanadyetsa munda wonse. Sanatchulepo ngakhale tsiku limodzi. Ayamba mulu wina wa manyowa pafupi ndi khola, wa mapesi ndi ndowe, akuti udzapsa chaka chamawa, Mulungu akalola.

Ndisanalembe izi ndinakapempha kwa amayi aakulu, popeza ndi nkhani imene amuna sayenera kumva, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu ndinu amuna. Anati ndilembe zimene ndikufuna, iwo sawerenga. Masiku ano sakutulukanso padzuwa, miyendo yakana, tikuwatembenuza ndife.

Ndiye inu amene mwawerenga mpaka pano, ndikuthokozani, ndipo ndikupempha kuti muzitikumbukira mukamagwada. Mukumbukire amayi aakulu pamphasa yawo, ndi mnyamata wathu kuti asiyane nayo mphepo ija. Mukumbukire amuna anga, kuti chakudya chikachepa m'miyezi ya mvula mtima wawo usabwerere m'mbuyo pa chimene anasankha. Ndipo mukamatchula ana a pakhomo pano, muyambe ndi wamkazi wamtali zala. Dzina alibe, koma Mwini wake amudziwa.